Ndinawaika Alamu Anu Patebulo la Poka

Lachiwiri, 14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko. Ife kuno matupi ali bwino, kamtsikana kanu kachira chifuwa chija ndipo kayambiranso kulongolola, koma nyumba ndiye siili bwino. Mudabwa kuti masiku ano a foni munthu n'kukhala pansi kulemba kalata. Ndayesa kukuimbirani, koma ndikangomva foni ikuitana ndimadula, chifukwa ndikudziwa kuti mukangoti "Iwe, watani?" ndiyamba kulira osanena kanthu. Papepala manyazi amachepako. Shopu sindinatsegule lero, ndikulemba ndili patebulo la kukhitchini.

Ndinene msanga, musayambe kuganiza za maliro. Alamu anu achotsedwa ntchito, ndipo wawachotsetsa ndi ine, ndi pakamwa pangapa. Panopa tikukhala nyumba imodzi, tikudya patebulo limodzi, koma sindikudziwa ngati ndidakali pabanja. Sanandikalipire, sanandithamangitse. Akanandikalipira bwenzi ndikudziwa poyambira. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye pepani achemwali, nkhonya iyi ndabwera nayo kwa inu.

Paja munandiseka chaka chatha mutabwera, mutandipeza m'shopu ndili ndwii pafoni, makatani ali mbwee patebulo osapinda. Munafunsa kuti ndikucheza ndi ndani, ine n'kuyankha kuti ndi timasewera chabe. Sindinaname kwenikweni, koma sindinanene zonse. Ndi poka, njuga ya makadi, imene anthu amasewera pa intaneti. Anandiphunzitsa ndi bambo wokonza mafoni wa shopu yoyandikana ndi yanga. Masana m'shopu mumakhala zii, munthu sagula makatani tsiku lililonse ngati buledi, ndiye ndinkangoti ndizitayirako nthawi. Musadzidzimuke, sindinagulitse katundu, sindinakongole kwa munthu. Timabetcha tindalama tochepa, ndipo kunena zoona ndimapambana kawirikawiri kuposa kuluza. Vuto lagona pomwepo. Ndikanakhala woluza ndikanasiya kalekale.

Ndikufotokozereni pang'ono mmene zimakhalira, kuti muumvetse uchitsiru wanga. Pafoni pamaoneka tebulo, anthu angapo atalizungulira, koma nkhope suiona, mawu suwamva. Umangoona dzina lopeka limene munthu wadzipatsa. Aliyense amalandira makadi awiri obisika, ena amayalidwa pakati kuti onse aone. Ikafika nthawi yako umasankha kutaya makadi, kutsatira ndalama imene mnzako waponya, kapena kuwonjezera. Munthu akhoza kuponya zambiri ali ndi makadi abwino, akhozanso kuponya zambiri alibe kanthu, kungofuna kukuopseza kuti uthawe. Ndiye masewera onse agona pa funso limodzi: ali nazo kapena akunama? Makadi ndi mwayi, amenewo sungawalamule. Chimene ungachite ndi kumuphunzira munthuyo, ife timati kumuwerenga.

Apa ndiye ndinapeza mphatso yanga. Inu mukudziwa kuti kusukulu masamu ankandizunguza mutu, koma anthu ndimawaona. Popeza nkhope palibe, umayang'ana zina. Kodi amalowa paliponse kapena amadikira? Akamaponya, amaponya msanga kapena amayamba wazengereza? Akaluza kwambiri, amakhala phee kapena amapsa mtima n'kuyamba kumwaza? Pafonipo pali poti umupake munthu mtundu, kuti ukadzakumana naye tsiku lina umuzindikire. Kwa ine ofiira ndi aukali, obiriwira ndi ofatsa osavuta kuwadyera, achikasu ndi amene sindinawamvetse. Ndimawapatsanso mayina anga. Pali wina ndimamutcha Chidakwa, amalowa ngakhale ali ndi zinyalala m'manja, ndipo kumuopseza n'kutaya nthawi chifukwa samva. Pali Wapolisi, amene salola kuti munthu aname patebulo pake, amakutsatira mpaka kumapeto kuti aone. Ameneyo sumunamiza, umangodikira makadi abwino, amakulipira yekha.

Ndiye panali Mlonda. Ameneyu anandivuta miyezi. Amakhala duu, kutaya, kutaya, kutayanso, ndipo akalowa umadziwa kuti wanyamula. Koma ndinadekha naye, paja kuona maso a nkhono n'kudekha, mpaka ndinaona kanthu. Akakhala ndi makadi enieni amaponya nthawi yomweyo. Akayamba wazengereza, kenako n'kuponya zambiri, ndiye kuti alibe, akungodzilimbitsa mtima. Tsiku limene ndinamugwira, anazengereza, n'kuponya zonse zimene anali nazo. Makadi anga anali osalimba, koma ndinamutsatira. Atatembenuza, analibe kanthu. Ndinakuwa m'shopu mpaka wamafoni anathamangira kudzaona ngati mwalowa mbava. Nditamuonetsa anagwira pakamwa.

"Mayi, inu ndinu mfiti," anatero. "Munthu simunamuonepo, mwamulowa m'mutu chonchi? Amuna anu ndikuwamvera chisoni, sangabise ngakhale machesi."

Tinaseka. Mawu amenewo anandikoma, ndinayenda nawo sabata yonse mapewa ali m'mwamba.

Pali malamulo awiri amene wamafoniyo anandiphunzitsa poyamba penipeni, osalembedwa paliponse. Loyamba, munthu akasintha kaseweredwe mwadzidzidzi, pali chimene chachitika, usanyalanyaze. Lachiwiri, ukaona chizolowezi cha mnzako, usamuuze, usamufunse, usaonetse n'komwe kuti waona. Ukangomutsina khutu amasintha, ndipo khama lako lonse lapita pachabe. Umasunga mumtima n'kudikira tsiku lalikulu. Patebulo la poka malamulo amenewa amathandizadi. Ine ndinawanyamula n'kupita nawo kunyumba.

Alamu anu mukuwadziwa. Zaka zonsezi akhala akuphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto pasukulu ija, munthu wosasinthasintha. Kudzuka nthawi imodzimodzi, tiyi wotsekemera ngati uchi, uthenga wa pafoni kuyankha iwe usanaike foni pansi. Galimoto ya sukulu ankabwera nayo kunyumba n'kumaitsuka okha Loweruka, kuipukuta mpaka pansi pa mipando. Ndinkawaseka kuti galimotoyo ndi mkazi mnzanga.

Cha m'mwezi wa Juni anasintha. Choyamba chinali mauthenga. Ndikawalembera, foni imaonetsa kuti atsegula, koma yankho osabwera. Pakapita nthawi amaimba, mawu ali okoma mopitirira: "Mayi, mumati chiyani?" Ine mumtima: kuzengereza, kenako kuponya zambiri. Foni anayamba kuitembenuza ndikayandikira, kapena kupita nayo kubafa. Anasiya shuga mu tiyi. Anayamba kupita kuntchito wapansi, akuti akufuna kuchepetsa mimba, galimoto n'kumaisiya kusukulu. Bambo wamsinkhu wawo kuyamba kusamala mimba mwadzidzidzi, inu mukanaganiza chiyani? Ndipo chimene chinandipweteka koposa, anasiya kundiyang'ana m'maso. Ndikamalankhula nawo nkhope ankaipendeketsa, maso ali cha paphewa langa, ngati kumbuyo kwanga kwaima munthu wina.

Mkazi wanzeru akanafunsa. Inu mukanafunsa tsiku lomwelo, mwinanso tsache lili m'manja. Ine ndinati ayi, wofunsa waonetsa makadi ake. Ndinakhala wokoma kuposa kale, kuwasitira malaya, kuwalandira pakhomo ndi nsangala, uku ndikuwawerenga. Ndipo ndinkamva kukoma, achemwali, apa ndi pamene pakundichititsa manyazi kwambiri. Mtima unkapweteka, inde, koma pansi pa ululuwo panali kachisangalalo kaja kamene ndinkamva ndikamamusaka Mlonda. Ndinkadziona wochenjera, mkazi amene sapusitsidwa.

Pa poka, ukafuna kudziwa chimene mnzako wanyamula, umaponya kandalama kochepa kuti uone mmene achitire. Ndinayamba kuwaponyera alamu anu tinyambo totero. Ndinachotsa makatani a pabalaza, abuluu aja munawakonda, n'kuika amaluwa. Sananene kanthu. Ndinasintha malukidwe a tsitsi. Kamtsikana kanu kanakuwa kuti "Amayi mwatchena!" iwo n'kuvomera mochedwa, "Eya, mwatchenadi," akuyang'ana kumbali. Tsiku lina ndinatenga kapepala kofewa kopukutira m'manja, n'kulembapo mawu achikondi amene sindinawalembepo chikwatiranireni, n'kukaika pamwamba m'kabokosi ka chakudya chawo chamasana. Madzulo ndinatsegula kabokosiko. Kapepala kanali momwemo, katafinyidwa, kali mafuta okhaokha. Anapukutira m'manja. Ndinalowa kubafa n'kulira, ndipo ndikulira chomwecho mutu unkanena kuti umboni ukukwana.

Kenako linafika Lachinayi lina. Ndinatseka shopu masana kupita kukapikula nsalu. Basi yathu itaima pa maloboti, ndinaona galimoto ya sukulu yawo pambali pathu. Pachiwongolero panali mayi amene amaphunzitsa nawo limodzi, ophunzira anamupatsa dzina loti Mayi Buleki chifukwa ndi mawu okhawo amene amakuwa tsiku lonse. Alamu anu anali pampando wa pambali, atavala magalasi akuda, mutu atautsamiritsa kumbuyo, wophunzira m'galimoto mulibe. Alamu anu, amene salola munthu kuwayendetsa, amene ngakhale dalaivala wa basi amamudzudzula chapansipansi! Mayiyo anatambasula dzanja n'kuwakonzera lamba. Maloboti atasintha, galimoto inapitirira ine ndili tong'o pawindo.

Madzulo ndinafunsa ngati zocheza kuti ntchito yayenda bwanji. Anazengereza. Kenako anayankha zambirimbiri, za wophunzira amene wagunda mgolo, za bwana wawo, akuseka mokweza. Ndinati basi, Mlonda uja ndi uyu. Tsiku limenelo anali atavala malaya awo oyera a kutchalitchi, ndiye ndinangodikira Lachinayi lina limene adzawavalenso. Linafika mwezi watha.

Ndinapita kusukuluko masana, nditavala bwino ngati wopita kuukwati. Bwalo lake mukulikumbuka, fumbi, migolo yopakidwa penti yophunzirira kubwerera m'mbuyo, ndi kakhonde kamene ophunzira amakhala podikira. Ndinasankha dala nthawi imene anthu amachuluka. Pa poka ukatsimikiza umaponya zonse, suponya theka. Bwana mwini sukulu anali pakhondepo, anandilonjera mwaulemu n'kundipatsa mpando. Posakhalitsa galimoto inalowa pageti. Mayi Buleki anatsika, n'kuzungulira kukatsegula chitseko cha alamu anu, n'kuwagwira mkono. Sindinadikirenso.

"Zikomo mayi, mwandisamalira amuna anga," ndinatero mokweza kuti a pakhonde amve. "Mwawabweza athunthu, kapena pena mwatsala napo?"

Alamu anu anatembenukira kumene kumachokera mawu anga.

"Mayi, ndinu? Mwadzatani kuno? Tiyeni tikakambe kunyumba."

"Kunyumba kuti? Kumene mumandiyang'ana paphewa kuja? Vulani magalasiwo mundiyang'ane pamaso pa anthuwa, ngati mulibe chobisa."

Ndinayala zonse, achemwali. Za foni, za shuga, za mimba, za makatani, za kapepala kanga. Ndinatchula ndi masiku omwe. Ndinalankhula bwino, mosadodoma, chifukwa mawu amenewo ndinali nditawakonza miyezi ndikupinda makatani. Mayi Buleki ndinamutchula dzina limene sindingalilembe m'kalata yopita kwa inu. Ophunzira anaimirira, wina anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Mayiyo ndi wapabanja, ali ndi ana akuluakulu. Sanadziteteze, anangoyang'ana alamu anu.

"Aphunzitsi," anatero chapansipansi, "ine ndinalonjeza kuti sindinena. Koma imvani mmene akunditchulira."

Alamu anu anaima kanthawi osayankha. Ine mumtima ndinati mwaona, akuzengereza, alibe kanthu. Kenako anavula magalasi. Diso lakumanja linali lofiira, likutuluka misozi, chikope chili chikasu ndi mankhwala.

"Tikuchokera kuchipatala cha maso," anatero, osati kwa ine, koma kwa bwana wawo. "Andibaya jakisoni m'diso. Ndili ndi matenda a shuga, anandipeza nawo mu Juni, ndipo awononga maso. Lakumanzere latsala pang'ono kuzimiratu. Lakumanjali pakati pake pali chibanga, ndimaona za m'mbali zokha, ndi limene madokotala akulimbana nalo. Mayiwa akhala akutenga ophunzira anga a pamsewu, ine n'kumatenga awo a zikwangwani ndi a pabwalo pano. Chiyambireni sindinatuluke pageti ndi wophunzira. Alibe mlandu mayiwa. Wolakwa ndine, bwana, ndinakubisirani."

Wojambula uja anatsitsa foni. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Zonse zimene ndinayala zinali zoona, palibe chimene ndinapeka. Foni ankaibisa chifukwa zilembo anazikulitsa ngati za pachikwangwani, ankaopa kuti ndiona. Mauthenga anga ankawatsegula, akalephera kuwerenga n'kumaimba. Shuga anawaletsa ndi adokotala. Galimoto anaisiya chifukwa sankafuna kupha munthu pamsewu. Nkhope ankaipendeketsa kuti andione, achemwali. Ankandifunafuna ndi mbali ya diso imene idakali ndi moyo, ine n'kumati akundithawa.

Bwana anawaitanira alamu anu mu ofesi. Si munthu woipa, koma anati sangasunge mphunzitsi wa galimoto wosaona bwino nkhani itamveka pamaso pa ophunzira. Anati akanaimva mwakachetechete, awiri okha, mwina akanawasiyira kalasi ya zikwangwani. Mawu amenewo ndinawamva ndekha, chitseko chinali chosatseka. Mayi Buleki, bwanayo anamuchenjeza kuti asadzabisenso zotere. Kakanema kaja kanafika kwa amuna ake tsiku lomwelo, gawo loyamba lokha, la mawu anga.

Tinabwerera wapansi, iwo patsogolo, ine pambuyo. Pamphambano anaima nthawi yaitali, kudikira kuti ena ayambe kuwoloka kuti atsatire. Ndinafuna kuwagwira koma dzanja langa linakana. Titafika pakhomo ndi pamene ndinapeza mawu.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndimafuna ndiyambe ndamva kuti lakumanjali lipulumuka," anayankha akufufuza pa loko ndi chala. "Ndimati nkhani yoipa ndibwere nayo pamodzi ndi yabwino. Ndinalakwa, sindikana. Koma inu, miyezi yonseyi mumaona zonsezi, mpaka masiku mukuwadziwa. Simunandifunse ngakhale kamodzi kuti bambo, kodi mukudwala?"

Safunsa anadya phula, ine ndadya ndi njuchi zomwe. Ndinaona bwino kuti akubisa kanthu, pamenepo sindinalakwitse. Koma patebulo mayankho ndi awiri okha, ali nazo kapena akunama, ndipo amene wakhala moyang'anana nawe amafuna kukudyera. Ine ndinazolowera zimenezo mpaka sindinaganize kuti munthu angabise chinthu chifukwa cha mantha. Munthu amene ndimagona naye bedi limodzi ankachita khungu pamaso panga, ine ndili kalikiliki kusonkhanitsa umboni.

Kwa Mayi Buleki ndinapita kukapepesa, pamaso pa amuna ake. Ndinagwada pabalaza pawo, ine amene mumati khosi langa silipindika. Anandidzutsa, anandipatsa madzi akumwa, kenako anati, "Ndakukhululukirani mayi, koma kuchipatala sindidzawaperekezanso. Langali nalonso ndi banja." Amuna ake anangondiperekeza mpaka pageti. Panjira ndinkaona ngati aliyense wakaona kakanema kaja.

Masewera aja sindinawachotse pafoni, ndisaname. Ndinatsegula kamodzi sabata yatha. Mlonda anali pomwepo, ndipo posakhalitsa anazengereza n'kuponya zambiri. Ndinadziwa chochita, koma chala chinakana, ndinataya makadi n'kutseka. Wamafoni akungofunsa kuti chandigwira n'chiyani. Kaya kakanema sanakaone, kaya akundisungira ulemu, sindikudziwa, ndipo ndasiya dala kumuyang'anitsitsa.

Kunyumba kuno alamu anu amakhala pabalaza ndi wailesi. Madzulo kamtsikana kanu kamawawerengera ntchito ya kusukulu mokweza, iwo n'kumakathandiza masamu a pamtima. Ndikawalonjera amayankha, ndikawapatsa chakudya amathokoza, ulemu wa kwa mlendo. Ndipo taonani chizolowezi mmene chimavutira: akatsokomola ndimayamba kufunafuna tanthauzo lake, akasiya chakudya m'mbale ndimayamba kuwerengera. Ndimadzigwira ndekha ngati mbava. Lamlungu anabwera achimwene awo, akuti Lachinayi likubwerali awaperekeze kuchipatala, akachoka kumeneko apite nawo kwawo akakhaleko mpaka mitima izizire. Inu ndi ine tikudziwa kuti mwamuna akachoka choncho, kubwerera kumavuta. Alamu anu sanavomere, sanakane. Ine ndinali kukhitchini konkuno, ndikutsuka mbale imodzimodzi mpaka mlendo atatsanzika.

Ndili ndi zopempha, achemwali. Apongozi anu paja nawonso ali ndi shuga, ndipo mwawasamala zaka zambiri. Ndilembereni zimene mumawaphikira ndi zimene mumapewa, chifukwa ine miyezi yonse ija ndinkawadzazira alamu anu mbale ndi zomwe anawaletsa, iwo n'kumadya pang'ono kuti ndisadandaule. Ngati alamu kumeneko akudziwa ntchito imene munthu wodziwa malamulo a pamsewu angagwire osayendetsa galimoto, atitsine khutu. Amayi musawauze, ndikawauza ndekha, ndi mlandu wanga. Ndipo mukamayankha ndikalipireni ndithu, musandinyengerere. M'nyumba muno palibe amene wandikalipira, ndipo zikundilemera.

Lero m'mawa, mwana atapita kusukulu, ndinawapeza pabalaza akudzidonthezera mankhwala m'diso. Amachita okha, safuna kundivutitsa. Dontho loyamba linagwera patsaya, lachiwiri pamphuno. Ndinaima pakhomo ndikuwayang'ana. Kenako ndinachita chimene ndinayenera kuchita mu Juni.

"Bambo, ndikuthandizeni?"

Anakhala chete. Mutu wanga unali utayamba kale kuwerenga kukhala chete kwawoko, ndinauletsa. Patapita kanthawi anatambasula dzanja n'kundipatsa kabotolo. Ndinawagwira chibwano, n'kudontheza. Aka kanali koyamba kuwakhudza chichokereni kusukulu kuja. Diso lija ndinaliona pafupi, ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisalire pankhope pawo.

"Lachinayi mupita ndi ndani kuchipatala?" ndinafunsa.

"Mukufunsa, kapena mukudziwa kale?"

"Ndikufunsa. Palibe chimene ndikudziwa."

Anapukuta tsaya ndi mpango, pang'onopang'ono.

"Tipita awiri," anatero. "Popita muziyenda mbali ya kumanja, kumanzere sindikuonani. Pobwera mudzandigwira mkono, akandibaya ndimakhala ngati mwana."

Za achimwene awo sananene kanthu. Sananenenso kuti andikhululukira, ndipo sindikufuna kuwaikira mawu m'kamwa.

Ndilekere pano, pepala latha ndipo mwana watsala pang'ono kuweruka. Mupereke moni kwa alamu, kwa apongozi anu, ndi kwa ana onse, makamaka kamng'ono kaja kamene kanandithyolera ndolo. Kamtsikana kanu kakuti mukabwera musaiwale nsapato zimene munakalonjeza. Nthawi zonse pofika apa ndimangolemba kuti alamu anu akupereka moni, osawafunsa n'komwe, poti ndimati ndikuwadziwa. Lero cholembera chaima. Dikirani ndikawafunse.

Ndabwerako. Ndawauza kuti ndikulembera inu, ndipo kuti ndalemba zonse, osasiya kanthu. Atsitsa wailesi, apendeketsa nkhope mpaka andipeza.

Akuti ndikuuzeni kuti mlamu wanu akadalipo, ndipo akupereka moni.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
amene mutu wake waweramira pansi,
Wamakatani